A Alfredo Sanakweze

Kuseri kwa baraka yanga, kagolosale kanga ka ku Cassacatiza, kuli mtengo wa mango, ndipo pansi pake pali tebulo lopangidwa ndi chitseko chakale. Pamenepo amuna amasewerapo poka masana, dzuwa likawakaniza ntchito ina iliyonse. Wogawa makadi ndine, chifukwa amunawo sakhulupirirana. Amati Celina alibe mbali. Mbali ndili nayo, kungoti sindiwauza.

Masewerawa anabwera ndi oyendetsa makamiyawu, malole akuluakulu aja, a ku Zambia, amene amagona pano masiku angapo podikira mapepala a ku alifandega, ofesi ya kasitomu ya pamalire. Iwo ankasewera pa foni, ife tinawatsitsira pachitseko. Ndalama zake n'zoseketsa. Timagwiritsa ntchito zitsekero za mabotolo, chimodzi n'kumati metikali imodzi, ndipo munthu saponya mmene akufunira. Poyamba ndi chimodzichimodzi, kumapeto ziwiriziwiri, basi. Amene wapambana tsiku lonse amapeza ya botolo la refresiko ndi zitumbuwa, nazonso amadya ndi omwe wawadyerawo. Palibe anagulitsapo mbuzi chifukwa cha tebulo langa.

Kaseweredwe kake n'kosavuta. Aliyense ndimampatsa makadi awiri akeake, obisa. Kenako ndimayala asanu pakati, a onse: atatu pamodzi, limodzi, ndi lomaliza. Ndikayala, anthu amaponya zitsekero pamulu. Mnzako akaponya, iwe ukhoza kutsata, kutanthauza kuponya chimodzimodzi. Ukhoza kukweza, kuti onse awonjezere. Ukaona kuti zako sizikuyenda umataya makadi n'kumaonerera anzako.

Amene anawagwira msanga masewerawa ndi a Alfredo, bambo wamtali, woonda, wolankhula motsitsa ngati pali wodwala m'nyumba. Kwawo kwenikweni kunali mbali ya ku Mualadzi, koma mudziwo unapsa pa nkhondo, ndipo iwo anathawira ku Zambia akadali mnyamata. Kumsasa wa othawa kwawo n'kumene anakumana ndi a Ermelinda. Nkhondo itatha anabwera nawo kuno kwawo kwa mkaziyo, n'kukhala mkamwini. Anamanga nyumba pamalo a akuchikazi, n'kulima munda wa akuchikazi zaka pafupifupi makumi atatu. Sanakanganepo ndi munthu, ngakhale ndi nkhuku ya munthu.

A Alfredo ndi amene anatiphunzitsa tonse chimene oyendetsa makamiyawu ambiri sankachidziwa n'komwe. Ankati pali dzanja limodzi limene anthu amaliopa pachabe. Uli ndi mapasa, makadi awiri ofanana nambala, koma ang'onoang'ono. Ulinso ndi makadi anayi a mtundu umodzi, ndipo ukusowa lachisanu kuti ukwanitse fulashi, imene imagonjetsa pafupifupi chilichonse. Pakati pakadali makadi awiri oti abwere.

“Pamenepo osagona,” ankatero, akugunda chitseko ndi chala. “Anthu amati, ndidikire kaye libwere. Ayi. Likabwera aliyense aliona, ndipo sakupatsanso kanthu. Kweza lisanabwere. Ngati anzako atatu aponya kale, chitsekero chimodzi chimene wawonjezera chikoka zitatu. Makadi okuthandiza ndi ambiri. La mtundu wako likhoza kubwera, mapasa ako akhoza kupeza wachitatu. Ndiponso ukakweza amachita mantha, ulendo wotsatira amangogogoda osaponya kanthu, iwe n'kuona khadi lina ulele.”

“Nanga likapanda kubwera?” wina ankafunsa.

“Waluza zitsekero ziwiri. Wafa? Mawa uchitenso chimodzimodzi. Pakutha pa mwezi ndiwe wopambana.”

Ankalankhula bwino, ndipo ankachitadi. Oyendetsa makamiyawu ankawakweza mpaka kuwatulutsa thukuta. Koma panali munthu mmodzi amene a Alfredo sanamukwezepo chiyambire, ndiye a Kalekeni, mlongo wawo wa a Ermelinda, mwini mbumba wa banja lonselo. Ine wogawa ndinazindikira kalekale. A Kalekeni akaponya, a Alfredo ankangotsata, kapena kutaya. Anthu ena sanaone kanthu, poti munthu akamasewera amayang'ana makadi ake okha.

A Kalekeni ndi munthu wamfupi, wamimba, wa mawu omveka mpaka kutsidya kwa msewu. Akazi awo anamwalira kale, ana ali ku Tete ndi ku Beira, ndipo kunyumba kwawo amakhala ndi wailesi. Amakonda nthabwala, makamaka zachilamu, zija alamu amanyozana n'kumaseka. Ankawaputa a Alfredo tsiku ndi tsiku.

“Alamu, mlongo wanga anakuonani chiyani? Miyendo ngati misichi ya khola!”

Wina akanabweza kuti nanga inu mimbayo mwabisamo thumba la chimanga cha yani. A Alfredo ankangomwetulira n'kunena kuti, “Zoonadi, alamu.” A Kalekeni ankaseka okha, kusekako n'kuthera m'malere, kenako n'kundiuza kuti ndigawe.

A Ermelinda anamwalira chimanga chili pafupi kucha. Anadwala pang'ono, kuchipatala anafika mochedwa. Maliro anayenda bwino, anthu anameta, miyezi inapita. A Alfredo anakolola okha, n'kumaphika okha, n'kumabwera patebulo langa msanga kuposa kale. Nthawi zina ankafika ndisanatsegule n'komwe, n'kukhala pansi pa mango akusanja zitsekero m'mizere. Ndinkawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinkandikwiyitsa, chifukwa inenso ndimadziwa mmene nyumba imakhalira chete munthu akachoka. Mwamuna wanga anakwera kamiyawu ya ku Lusaka kukafuna ntchito, mpaka lero akuifunabe.

Mwezi wa Okutobala akuchikazi anafulula mowa, n'kulengeza kuti Loweruka kudzakhala kusudzula. Mkazi akamwalira, abale ake amamasula mwamunayo pamaso pa anthu kuti ukwati watha, akhoza kubwerera kwawo. Nyumba ndi munda zimatsala ndi mbumba. Koma si lamulo kuti achoke. Mwamuna akapempha kuti akhalebe, ndipo ngati anakhala bwino ndi anthu, mwini mbumba akhoza kumusiya m'nyumbamo mpaka imfa. Zimachitika, tonse tinaziwonapo. Chofunika n'chakuti munthuyo atsegule pakamwa.

A Alfredo analibe kopita. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Talandira, anakwatiwa ku Tete, akukhala m'chipinda chimodzi ndi mwamuna ndi ana. Ku Mualadzi kunatsala mwana wa mlongo wawo, Aderito, amene anaonana naye pamaliro okhaokha. Kuno n'kumene kunali manda a mkazi wawo, mitengo imene anabzala, ndi tebulo langa.

Lachinayi ndinawapeza okha pansi pa mango, ndipo sindinazungulire.

“A Alfredo, mwalankhula nawo a Kalekeni?”

“Za chiyani, mayi?”

“Musandipusitse. Za Loweruka. Mukufuna kupita ku Mualadzi inu?”

Anayang'ana zitsekero zawo. “Sindikufuna.”

“Ndiye pemphani.”

“Iwo akudziwa kuti ndilibe kopita. Ndiwauze chiyani chimene sakudziwa? Malowa ndi awo. Ine ndadya zawo zaka zonsezi. Ndikayamba kupempha, ndiye ngati ndikuwakakamiza. Akafuna anena okha.”

“Nanga akamadikira kuti munene ndinu?”

Anangopitiriza kusanja zitsekero zawo. Ndinalowa m'baraka n'kuyamba kutsuka matambula otsukatsuka kale, kuti ndisawalalatire munthu wamkulu.

Lachisanu kunatentha kwambiri. Makamiyawu anali ndondondo m'mbali mwa msewu, oyendetsa atagona pansi pake pamakatoni. Patebulo panali anthu anayi. A Kalekeni anakhala kumanzere kwanga. Kenako a Júlio okonza njinga, amene amatsata chilichonse ngakhale ali ndi zinyalala m'manja. Kenako Baxter, mnyamata wa ku Chipata woyendetsa kamiyawu ya fetereza, amene mapepala ake anakanirira ku alifandega sabata yathunthu. Womaliza anali a Alfredo, atavala malaya oyera osita, ngati akupita ku misa.

A Kalekeni tsiku limenelo nthabwala zinali zochepa. Ankangoyang'ana mlamu wawo, n'kuyang'ana makadi, n'kuyang'ananso mlamu wawo. Aliyense ankadziwa za mawa lake kupatula Baxter.

Dzanja limene ndikufuna kunena linabwera dzuwa litapendeka. Makadi a a Alfredo ndinadzawaona pambuyo pake, koma ndinene pano kuti nkhani imveke. Anali ndi azi wa mitima, khadi lalikulu kuposa onse, ndi 7 wa mitima. Onse anayi analowa. Ndinayala atatu oyamba: valeti wa mitima, khadi lija la J, 2 wa mitima, ndi 7 wakuda.

Ndiye taonani. Mapasa a 7 anali nawo. Mitima inayi anali nayo, wotsogolera ali azi. Linali dzanja lomwe lija ankatilalikira nalo, lathunthu, ngati lachita kuitanidwa.

A Kalekeni anaponya chitsekero. A Júlio anatsata, monga mwa masiku onse. Baxter anatsata. Anthu atatu anali ataponya kale, ndipo a Alfredo anali womaliza kulankhula. Mwana aliyense amene anaimapo pafupi ndi tebulo langa akanakuuzani chochita. A Alfredo anatenga zitsekero ziwiri, ndinaziona ndi maso angawa. Anazigwira pang'ono, kenako chimodzi anachibweza pamzere, n'kuponya chimodzi.

“Ndatsata.”

Ndinayala lachinayi, 4 wakuda, losathandiza aliyense. A Kalekeni anaponya ziwiri mwamphamvu, mpaka chimodzi chinagubuduka kukagwera pansi. A Júlio anadandaula n'kutaya. Baxter naye anataya, ndipo monga amachitira anthu akatuluka, anapendekera kwa woyandikana naye kuti aonere limodzi. A Alfredo sanabise. Baxter ataona makadiwo anatukula nsidze, koma anatseka pakamwa, poti lamulo limenelo analidziwa. A Alfredo anatsata.

Anatsala awiri, munthu ndi mlamu wake. Ndinayala lomaliza. Linali 9 wa mitima.

Mitima isanu, azi ali pamwamba. Panalibe makadi awiri alionse m'dziko muno amene akanawagonjetsa. A Kalekeni anayang'ana khadilo, ndipo anaona bwino lomwe kuti pakati pali mitima itatu. Si opusa. Komabe anatenga zitsekero ziwiri n'kuziika pamulu pang'onopang'ono, maso ali pa a Alfredo.

“Alamu,” anatero, mawu ali otsika kusiyana ndi masiku onse, “mawa ndi tsiku lanu. Ngati muli ndi kanthu, onetsani. Musandiope.”

Ine ndinamva kuti munthuyu sakunena za makadi okha, ndipo ndikhulupirira a Júlio anamvanso, chifukwa anasiya kutafuna chitumbuwa. A Alfredo anayang'ana makadi awo nthawi yaitali. Kenako anawaika chafufumimba n'kuwakankhira kwa ine.

“Ndilibe kanthu, alamu. Tengani.”

Zikanathera pomwepo. Ndinali nditatambasula kale dzanja kuti ndiwasakanize ndi enawo, ndipo palibe akanadziwa. Koma Baxter anali mlendo, sankadziwa kuti uyu ndi ndani kwa uyu. Iye anaona mkulu akutaya chuma, ndipo anaganiza kuti maso awavuta. Anawakwatula makadi aja n'kuwatembenuza pakati pa tebulo.

“Ah ah, ba mudala! Mwachita bwanji manje? Onani, fulashi iyi! Na azi pamwamba! Simunaone? Apa munafunika kukweza kudala, pa atatu paja, ise tonse tikali mukati. Si ndimwe munaniuza dzulo?”

Anaseka, akuyembekeza kuti tonse tiseka naye. Palibe anaseka. A Júlio anayamba kufunafuna chitsekero chija chinagwa pansi, ndipo anachifuna nthawi yaitali kwambiri.

A Kalekeni anayang'ana mitima iwiri ija. Kenako anatembenuza awo: valeti ndi 10, onse akuda. Anali ndi mapasa a valeti basi.

“Kangati?” anafunsa.

“Alamu?”

“Ndikufunsa kuti mwachita zimenezi kangati.”

A Alfredo anapukuta manja pamalaya oyera aja. “Ndimafuna kuti musangalale, alamu. Si kanthu, ndi zitsekero chabe.”

“Ndisangalale.” A Kalekeni anagwedeza mutu. “Ndine mwana ine, woti muzindipatsa masiwiti? Kapena mumati mugule nyumba ya mlongo wanga ndi zitsekero za mabotolo?”

“Ayi, alamu, sindinaganize choncho.”

“Ine ndimabwera pano tsiku ndi tsiku, ndimati ndikusewera ndi mlamu wanga. Ndikapambana ndimapita kunyumba ndikuyimba. Ndimauza anthu kuti a Alfredo amadya a ku Zambia onse, koma ine amandilephera.” Anaseka pang'ono, kuseka kowawa. “Kani mumandilera.”

“Pepani, alamu.”

“Pepani! Ndikakunyozani, zoonadi alamu. Ndikakuputani, zikomo alamu. Mlendo wobwera dzulo amayankha bwino kuposa inu. Zaka zonsezi simunakhalepo pansi m'mudzi muno, a Alfredo. Mwangoima pakhomo, chipewa chili m'manja.”

Anakankhira mulu wonse kwa a Alfredo, zitsekero n'kumwazikira pamiyendo pawo. Anaimirira n'kumapita osatsanzika. Baxter anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa kuti walakwa chiyani. Ndinamuuza kuti apite akaone ngati mapepala ake atuluka.

A Alfredo anatola zitsekero zija chimodzichimodzi, n'kundipatsa zonse kuti ndisunge. Ndinawauza kuti awatsatire a Kalekeni pompo, akadali okwiya, chifukwa munthu wokwiya amamva kuposa amene wazizira. Anati adikira kuti mtima wawo utsike. Anakhala pansi pa mango mpaka ndinatseka baraka, kenako ananyamuka kulowera kunyumba kwawo, osati kwa mlamu wawo.

Loweruka ndinatseka baraka n'kupita. Anthu anasonkhana pabwalo la nyumba ya a Alfredo, amayi pamphasa, abambo pamipando ndi pazitsa. Talandira anabwera kuchokera ku Tete ndi khanda kumsana. Aderito anafika panjinga kuchokera ku Mualadzi, fumbi lili mpaka m'nsidze, kudzaimira akuchimuna. Anali munthu waulemu, koma ankaoneka kuti akuwerengera m'mutu kuti amalume akewa akawagoneka pati.

A Kalekeni analankhula bwino, ndisaname. Anati a Alfredo anasunga mlongo wawo pa mtendere ndi pa matenda. Anati sanamvepo kuti akweza dzanja kapena mawu. Anati mbumba ilibe nawo mlandu, ndipo kuyambira lero ndi omasuka, akhoza kupita kumene akufuna, akhoza kukwatira. Anapereka kandalama m'mbale monga mwa mwambo, Aderito n'kulandira.

Apa ndi pamene zimathera nthawi zambiri, anthu n'kuyamba kumwa. Koma a Kalekeni sanakhale pansi.

“Tsono alamu,” anatero, “ife tanena zathu. Mwina inu muli ndi mawu. Bwalo ndi lanu.”

Nkhuku inadutsa pakati pa bwalo. Talandira anayang'ana bambo ake ngati akufuna kuwalankhulira, koma mwana salankhula pamalo ngati amenewo. 

“Chilichonse chimene chili kumtima kwanu,” a Kalekeni anawonjezera. Sankayang'ana anthu, ankayang'ana a Alfredo okha. “Tili pano kuti timve.”

A Alfredo anasuntha pampando. Anatsegula pakamwa. Ndinati hee, zatheka. Kenako anatsika pampando, n'kunjuta, n'kuomba m'manja mwaulemu wonse.

“Ndathokoza, eni mudzi. Munandisunga bwino. Monga mwanenera, zikhale choncho.”

A Kalekeni anaimabe kanthawi. Kenako anati, “Chabwino,” n'kukhala pansi. Mowa unatuluka. Ine sindinamwe, ndinabwerera kubaraka ndili ndi ukali woti ndikanatha kuswa botolo.

M'mawa mwake a Alfredo anadutsa pabaraka akukankha njinga. Anamangapo chikwama, bulangete, mpando umodzi wopinda ndi khasu. Aderito anali patsogolo ndi katundu wina, akudikira pamphambano pamene msewu wafumbi umapatukira. Talandira anali atakwera kale shapa, minibasi ya m'mawa, akulira. Ndinawapatsa a Alfredo madzi ozizira ndi zitumbuwa za panjira, koma pakamwa panga sipanathe kukhala chete.

“Munthu anakutsegulirani chitseko kawiri konse. Chinakuvutani n'chiyani?”

Anamwa madzi aja pang'onopang'ono. “Mayi, pambuyo pa zija za Lachisanu, nanga akanandikana? Pamaso pa anthu onse aja, pamaso pa mwana wanga? Pano ndikupita ngati munthu womasulidwa bwino. Ndikanapita ngati munthu wokanidwa.”

“Nanga akanavomera?”

“Mwina.” Anandibwezera kapu. “Sindikanatha kupirira kumva ayi. Kwa wina aliyense ndikanapirira, koma osati kwa iwo.”

Ndinafuna kuwakumbutsa zonse zimene ankatiphunzitsa patebulo, koma ndinaona nkhope yawo ndipo ndinasiya. Anali atakalamba usiku umodzi. Anati ndiwapatsire moni a Júlio, ndiponso ndimuuze Baxter kuti asadandaule, sanalakwe. Anakankha njinga mpaka pamphambano. Sanakwere, katundu anali wambiri. Ndinawaona akuchepa mumsewu wafumbi uja, Aderito ali kutsogolo kutali, mpaka kamiyawu ina inaima patsogolo panga n'kunditchinga.

Masiku otsatira a Kalekeni sanabwere. Baxter mapepala ake anatuluka, anapita. A Júlio ankasuzumira kuseri, n'kuona kuti kulibe anthu, n'kubwerera ku njinga zawo. Nyumba ya a Alfredo inakhala yotseka. Ndinamva kuti mdzukulu wina wa mbumbayo anapempha kuti alowemo, a Kalekeni n'kumukalipira mpaka anthu anatuluka m'nyumba kudzaona.

Anadzabwera tsiku lina kumwamba kutayamba kuchita mitambo. Sanapite kuseri. Analowa kutsogolo ngati wogula, atasenza kathumba paphewa, n'kukatsitsa pakauntala. Anali ataonda, ndipo ndevu sanamete.

“Anadutsa pano?” anafunsa.

“Anadutsa.”

“Ananena chiyani?”

Ndikanatha kuwauza zonse. Ndinayang'ana maso awo ofiira aja n'kuona kuti sizithandiza aliyense. “Anati munawasunga bwino.”

A Kalekeni anapumira m'mwamba. Anayang'ana mashelefu anga, sopo, mchere, mabisiketi, ngati akufuna chinthu chimene sindigulitsa.

“Ndikanayamba ndine bwanji, Celina? Mwini mbumba kugwada kupempha mkamwini kuti akhale, mbumba yonse ikuona? Mawu amodzi okha. Akanangoti alamu, ndikhale. Ndikanawanyoza pang'ono, anthu n'kuseka, basi zatha.”

“Ku Mualadzi si kumwamba,” ndinatero. “Njinga muli nayo.”

“Ndawamasula pamaso pa anthu. Wa kwawo analandira mbale.” Anagwedeza mutu. “Ndipo ndikapita akandiuza kuti zikomo alamu, ndili bwino kuno.”

Sindinatsutse, chifukwa ndinadziwa kuti akanaterodi. A Kalekeni anamasula kukamwa kwa kathumba kaja n'kukatembenuzira kwa ine. Munali mapaketi a mbewu ya chimanga, osatsegula.

“Undigulitsireko iyi,” anatero. “Mtengo uliwonse. Ndinagula mwezi watha, ya minda iwiri.”